Dzina la Mwana wa pa Mpopi

Kalekale, m'dera lina la m'tauni, anthu ankakhala motsata mitundu: Atumbuka kumtunda, Ayao pafupi ndi mzikiti, Asena kumunsi kwa mtsinje. Koma mpopi unali umodzi. Ana awo ankakumana pamenepo, ndipo ukawafunsa kwawo ankati, "Ndife a pa Mpopi."

Tsiku lina m'mawa mvula inagwa yambiri mpaka kukokolola mlatho wopita kuchipatala. Mayi wina wa ku Burundi, amene anali atangofika kumene, matenda a uchembere anamuyamba ali yekha. Mwamuna wake, Nduwayo, anali atapita kukaoda katundu.

Asiyatu, mtsikana wachiyao, anamva kulira akuchokera kotunga madzi. Amayi ena anangoima pakhomo, osamva chomwe mayi wa ku Burundi uja ankanena m'Chiswahili. Asiyatu ankadziwako Chiswahili cha bambo ake. Anamvetsera, nafuula, "Akuti akutaya magazi! Itanani anzathu!"

Zuze, Msena wokulira m'madzi osefukira, anazula chitseko cha nyumba, nagonekapo mayiyo. Anayang'ana mtsinje, nati, "Apa ayi. Paja madzi atambasuka paja." Iye patsogolo, anzake pambuyo atanyamula mayiyo, anaoloka madzi ali m'chifuwa.

Kuchipatala magazi oyenera panalibe. Magazi a Chawanangwa, mnyamata wachitumbuka, ndi okhawo amene anagwirizana ndi a wodwalayo. Mayi ake ankamuuza kuti magazi sapatsa mlendo. Iye anapinda malaya, natambasula mkono. Mayi uja anachira, mwana wamkazi nabadwa.

Mchombo utagwa, Nduwayo anaitana atatuwo.

"Kuno ndamva kuti dzina amapereka wachibale," anatero m'Chichewa chothyokathyoka. "Abale anga ndinu. Koma mwana ndi mmodzi. Sankhani yekha womutcha."

"Ndikanapanda kumva ine, mukanapeza maliro," anatero Asiyatu.

"Kumva kokha, achemwali?" anaseka Zuze. "Makutu saoloka mtsinje."

"Iwe aise, unangonyowa," anatero Chawanangwa. "Ine magazi anga ali m'thupi mwa mayi ake. Akuyamwa ine mwanayu."

Nkhani inafika kwa makolo. Kumtunda anakonza dzina lachitumbuka, kumzikiti lachiyao, kumunsi lachisena. Atatu aja anayamba kutunga madzi pa nthawi zosiyana. Mwana anayamba kumwetulira akutchedwabe "khanda", ndipo mayi ake ankangofunsa Asiyatu, "Dzina lija lafika?"

Tsono inu, weruzani: mwanayu amutche ndani? Amene anamva, amene anaolotsa, kapena amene anapereka magazi?