Mpanda wa Apongozi

Panali munthu wina amene anali mwini mbumba. Anali ndi alongo atatu, ndipo alongowo anabereka ana aakazi ambiri. Kwawoko mwambo unali wakuti mtsikana akakwatiwa, mwamuna ndiye amabwera kudzamanga, ndipo nyumbayo imakhala pafupi ndi ya mayi a mtsikanayo, kuti mayi akatsokomola mwana amve. Woloza malo anali mwini mbumba. Ankabwera ndi chikhomo, n'kuchikhoma pansi, n'kunena kuti, "Apa." Basi, nkhani yatha.

Zaka zinapita, zikhomo zinachuluka. Nyumba iliyonse inabwera ndi khitchini yake, nkhokwe yake, khola la mbuzi ndi bafa. Zonsezo zinali za udzu.

Moto unkabuka ndithu. Pa moyo wake munthuyo anauwerenga kasanu ndi kawiri. Unkadya nyumba imodzi, mwina ziwiri, ukafika pabwalo n'kufa wokha. Anthu ankasonkha udzu ndi phaso, sabata isanathe denga latsopano lakwera. Choncho moto sankauopa kwenikweni. Ankauona ngati chimfine.

Pakati pa mudziwo panadutsa njira yakale ya ng'ombe. Ng'ombezo zinatha kale ndi matenda, koma nthaka inatsala yolimba, yosamera kanthu. Poidutsa munthu ankaponda kamakumi awiri. Anthu ankangoti Pampata. Uku kunali kumtunda, uko kumunsi.

Chaka china, dzuwa litayamba kutentha, galimoto inafera pamsewu pafupi ndi mudziwo. Munali mayi wina wachikulire, wa imvi pang'ono, wovala nsapato zachimuna. Dalaivala anapita kukafuna chitsulo kutauni, ndipo mayiyo anakhala kwa mwini mbumba masiku awiri.

"Ndiye mayi, ntchito yanu n'chiyani?" anafunsa mwini mbumba. "Ndinu adokotala?"

"Ayi, bambo."

"A zaulimi?"

"Ayinso. Koma onsewo amandiitana. A zachipatala, a zankhalango, ngakhale okumba zitsime."

"Ndiye ndinu mchere inu. Ndiwo iliyonse mulimo."

Mayiyo anaseka. Anati iye anaphunzira za mpweya. Anati mumpweya muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, tambirimbiri, toyenda mwachisawawa. Kamodzi sungadziwe kumene kalowere. Koma tonse pamodzi tili ndi khalidwe lodziwika, ndipo khalidwelo limawerengeka. Kenaka anthu a maphunziro ake anazindikira kuti mawerengedwe omwewo amagwiranso kwina: pa matenda oyenda m'nkhuku, pa madzi olowa m'thanthwe, pa mphekesera yoyenda pamsika. Zinthu zosiyana, koma kayendedwe kamodzi.

Tsiku lachiwiri anazungulira mudzi wonse. Pobwera nkhope yake inali itasintha. Anapempha udzu wouma, machesi ndi nyemba.

Anajambula pansi tizipinda, mizere khumi uku, mizere khumi uko, tonse zana limodzi. Anauza mwini mbumba kuti atsinzine ndi kumaponya nyemba. Pamene nyemba yagwera, mayiyo ankaikapo kamtolo ka udzu. Titakwana timitolo makumi atatu, anayatsa m'mphepete. Tinapsa tiwiri, moto unafa. Anachitanso katatu, chimodzimodzi. Anaika makumi anayi: tinapsa tinayi, kenaka tisanu ndi kamodzi, kenaka titatu. Anaika makumi asanu: moto unayenda mpaka pakati, n'kuima.

Amayi amene anasonkhana kudzaonerera anayamba kuseka. Wina anati, "Sukulu yonse ija n'kumasewera ndi moto ngati ana."

Mayiyo anangowonjezerapo timitolo khumi ndi tiwiri pa makumi asanu aja, n'kuyatsa. Moto unakhota, unabwerera, unapeza njira, mpaka unatulukira mbali ina. Pansi panatsala mdima wa phulusa. Anabwereza, ndipo unatulukiranso. Kuseka kunatha.

Mwini mbumba anawerama n'kuyang'anitsitsa phulusalo. Kenaka anafunsa funso limene tonse tikanafunsa.

"Ndiye wolakwa ndi mtolo uti?"

"Palibe, bambo."

"Payenera kukhala umodzi. Moto sungawoloke popanda woupatsa njira."

"Mtolo womaliza ndi wofanana ndi woyamba. Udzu womwewo, kukula komweko. Chasintha ndi mipata. Mipata ikakhala yambiri, moto ndi wa nyumba imodzi. Ikachepa kufika penapake, moto ndi wa onse. Ndipo sikusintha pang'onopang'ono kuti muone n'kukonzeka. Dzulo kulibe, lero kwafika."

"Nanga ife tili pati?"

"Kumtunda kwanu kwalumikizana kale. Kumunsi kwatsala pang'ono. Chimene chikuwalekanitsa ndi njira ya ng'ombe ija. Musaikepo kanthu."

Madzulo ake chitsulo chinabwera, mayiyo anapita, ndipo sanaonekenso.

Musaganize kuti mwini mbumbayu anali wopusa kapena wamakani. Ayi. Mawuwo anawasunga. Zaka zitatu anakaniza Pampata. Wina anafuna kumangapo nkhokwe, anamukaniza. Wina anafuna khola la nkhunda, anamukaniza. Anthu anayamba kunena kuti akusungira malowo mkazi wachiwiri. Iye ankangomeza.

Chaka chachinayi anakwatiwa Nankhoma, mwana womaliza wa mlongo wake wamkulu, Nachisale. Nyumba ya Nachisale inali yomalizira kumtunda, m'mphepete mwenimweni mwa Pampata, ndipo kumbuyo ndi m'mbali kunali kutadzaza kale. Nachisale yemweyo anali wodwala mwendo, woyendera ndodo. Ndiye amene analera mwini mbumba makolo awo atamwalira.

"Achimwene," anatero Nachisale, "malo ndi awa ali pakhomo pangawa. Mwana amange apa."

"Apa ayi, achemwali."

"Ndiye amange kuti? Kumanda?"

Mwini mbumba anatenga chikhomo, anadutsa Pampata, n'kukachikhoma tsidya lina, poyambira kumunsi. Nachisale sanamulankhule mwezi wathunthu. Koma nyumba inamangidwa kumeneko, ndipo mkamwini, dzina lake Ledisoni, analowamo ndi mkazi wake.

Tsono apa ndi pamene panabwera vuto limene mayi wa nsapato zachimuna uja sakanalilota. Kwawoko mkamwini ndi apongozi ake aakazi sapenyana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Si udani, ndi ulemu. Koma nyumba ziwirizi zinayang'anana, ndipo pakati panali poyera, popanda ngakhale chitsamba. Ledisoni akatuluka m'mawa, apongozi ali pakhonde. Apongozi akanyamuka kukaona mwana wawo, mkamwini ali pabwalo akusema mpini. Munthu wa mwendo wabwino amathawa msanga. Nachisale sakanatha. Tsiku lina poyesa kubwerera mofulumira anagwa pakati pa Pampata, nsalu n'kumasuka, ndipo Ledisoni anaima chilili, osadziwa ngati awadzutse kapena athawe. Mudzi wonse unaseka sabata yathunthu.

Nankhoma anali atangobereka kumene mwana wake woyamba. Anapita kwa mwini mbumba, nagwada, mwana ali kumsana.

"Atsibweni, nyumba munatikaniza, tinamvera. Koma amayi asiya kubwera. Mwanayu akusamba osawaona agogo ake. Tikungopempha mpanda wa tsekera, kuchokera pakhitchini ya amayi kufika pabafa yathu, kuti azidzera kuseri, bambo a mwanayu asawaone."

"Pampata sipaikidwa kanthu, mwana wanga."

"Mpanda ndi nyumba, atsibweni? Mugona munthu? Muphikidwa?"

Mwini mbumba anakumbukira timitolo tija. Koma anakumbukiranso mawu akuti palibe mtolo wolakwa, ndipo mumtima mwake anawatembenuza. Anati ngati palibe wolakwa, ndiye kuti uwunso ndi wosalakwa. Anayang'ana kutsidya, naona mlongo wake atakhala pakhonde, atafulatira, kuti asaone khomo la mwana wake.

M'mawa mwake anatenga nsichi, anakumba yekha dzenje loyamba, namanga yekha mtolo woyamba wa tsekera. Mpanda unatha tsiku lomwelo. Unali wokongola, wowongoka, wotalika kuposa munthu. Nachisale anadzera kuseri kwake, nakasambitsa mdzukulu wake, ndipo madzulo anatumizira mchimwene wake nkhuku yophika.

Mvula inagwa, inatha. Anakolola. Sikunachitike kanthu. Chaka chinanso chinadutsa, osachitika kanthu. Mwini mbumba anayamba kuganiza kuti ophunzira amakonda kuopseza anthu.

Moto unabuka mwezi wa Okutobala, masana dzuwa lili paliwombo. Kumapeto a kumtunda, mayi wina wamasiye dzina lake Nangozo anataya phulusa kudzala monga ankachitira tsiku lililonse. M'phulusamo munali khala limodzi. Mphepo inalitenga n'kuliika pabafa. Bafa inapatsa khitchini, khitchini inapatsa nkhokwe, nkhokwe inapatsa khola la mnansi. Moto wachisanu ndi chitatu unayamba ngati asanu ndi awiri aja, koma uwu sunapeze bwalo loferapo.

Anthu ataona kuti kumtunda kwapita, anachita chinthu chanzeru. Onse ankadziwa kuti moto suwoloka Pampata. Choncho anasamutsira kumunsi zonse zimene akanatha: matumba a chimanga, mbuzi, makanda, okalamba. Mwini mbumba anabereka Nachisale kumsana kwake, namulowetsa m'nyumba ya Nankhoma, pamodzi ndi mdzukulu ndi ana ena awiri. Anatseka chitseko kuti utsi usawalowere. Kenaka aliyense wamphamvu anathamangira kumtunda ndi zidebe ndi nthambi.

Za mpanda palibe anakumbukira. Unali utakhalitsa, maso atauzolowera.

Moto utafika pakhitchini ya Nachisale, unagwira tsekera. Anaona ndi Ledisoni yekha, ali pamwamba pa nkhokwe akugwetsa denga. Anakuwa, analumpha, anathamanga. Koma tsekera wouma, mphepo ili kumbuyo, amapsa mofulumira kuposa miyendo ya munthu. Pamene ankafika pakati pa Pampata, denga la nyumba yake linali litayaka kale. Analowa, natuluka ndi mwana mmodzi, manja atasupuka. Kulowanso kachiwiri sikunatheke.

Pofika madzulo, mwa nyumba makumi anayi ndi zitatu zinatsala ziwiri. Chimanga cha chaka chonse chinapsa, chimene chinali m'nkhokwe ndi chimene anasamutsa. Anamwalira atatu: Nachisale, mdzukulu wake uja, ndi mwana mmodzi wa mnansi.

Ataika maliro, anthu anakhala pansi paphulusa kuti apeze wolakwa. Sanavutike. Aliyense ankadziwa kumene moto unayambira. Anamukhazika Nangozo pakati. Ena anati ndi wosasamala. Ena anati ayi, n'zadala, wamasiye ameneyu akhala akuchitira nsanje nkhokwe za anzake.

Mwini mbumba anaimirira. Mawu ake anali osasa ndi utsi.

"Phulusa tonse timataya," anatero. "Moto wa mayiyu unali wa nyumba imodzi, ngati wa kale uja. Anaukulitsa ndi ife. Aliyense amene anamanga bafa kugunda khitchini ya mnzake anaupatsa njira. Zikhomo zonse ndinakhoma ndine. Mpanda uja dzenje loyamba ndinakumba ndine, ndipo achemwali anga ndinawatsekera ndine. Ngati mukuthamangitsa munthu, tinyamuke tonse."

Anthu anamvetsera mpaka anamaliza. Wina anati, "Atsibweni asokonezeka ndi chisoni, akhazikeni pamthunzi." Anamugwira bwinobwino, mwaulemu, namukhazika pansi pa mtengo wopserera. Kenaka anapitiriza mlandu. Dzuwa lisanalowe Nangozo anali panjira, kathumba pamutu, wopanda womuperekeza.

Sabata yotsatira anayamba kumanganso. Aliyense anafuna malo ake akale, pafupi ndi mayi ake, pomwe panali maziko. Anapita kwa mwini mbumba kuti adzakhome zikhomo. Iye anakana. Anakhoma okha.

Abale anga, fanizo lathera apa. Ife tinazolowera kufunsa kuti wayambitsa ndani, chifukwa munthu mmodzi amapepuka kunyamula kuposa tonsefe. Koma pali masoka ena amene alibe mwini. Kolera ikalowa m'dera, bodza likayenda mumpingo, phiri likagumuka pambuyo pa mitengo imene tinadula umodziumodzi, woyambitsa amakhalapo, inde, koma anayambitsanso dzana ndi chaka chatha, osachitika kanthu. Chimene chasintha ndi chakuti mipata yatha, ndipo tinaitseka ndife, aliyense ndi chifukwa chake chomveka.

Tsono mukabwera kudzapempha kanthu kakang'ono, musangonena kuti n'kakang'ono. Onani chili kumanja kwake ndi chili kumanzere kwake, mudziwe zimene kakulumikiza. Ndipo inu amene munapatsidwa udindo wokana, dziwani kuti amene adzakugwadireni sadzakhala mdani. Adzakhala mwana wanu, mwana ali kumsana, ndipo zonse zimene adzanene zidzakhala zoona.