Kalata Yopita kwa "Iwo Aja"

Panali mayi wina amene mwamuna wake anapita kumigodi ya ku Joni, iye ali woyembekezera. Dzinja linabwera kanayi, bambo osaoneka. Masana akamapalira kumunda, ankaona ngati munthu wa chipewa akutsika phiri pang'onopang'ono. Akapukuta thukuta m'maso, ankapeza kuti ndi chitsa.

Tsiku lina malume ake anati, "Tikangokolola, ukwati uwu tiuthetsa. Mbumba yanga singakalambe ikudikira mtchona."

Mayiyo anawawidwa mtima, chifukwa mwamuna wakeyo ankamukondabe. Anayenda wapansi mpaka ku boma, kwa mlembi wina amene ankalembera anthu makalata a Chingerezi pansi pa mtengo wa mango.

"Dzina la amuna anu, mayi?" anafunsa mlembi.

Mayiyo anawerama. Kwawo mkazi satchula dzina la mwamuna wake, n'chipongwe chachikulu.

"Ndi iwo aja. Bambo ake a Tiyanjane."

Mlembiyo anali wa manja aulesi, sanafunsenso. Analemba momwe anamvera: iwo anapita, iwo akufuna kuthetsa ukwati, iwo abwere msanga. Mwamuna ndi malume anakhala munthu mmodzi papepala.

Kalata itafika kumgodi, kapitawo anaitembenuza uku ndi uku, osadziwa woti amupatse. Lamulungu masana anasonkhanitsa amuna a kuno kwathu, nawawerengera akumasulira. Aliyense ankaona khonde la kwawo, nkhokwe, ndi mkazi ataima pakhomo. Ambiri analira. Koma palibe anatambasula dzanja, poti Tiyanjane anabadwa bambo ake atachoka, ndipo dzinalo anali asanalimvepo.

Kalata inabwerera ndi mzere umodzi: "Tili ndi amuna zikwi zitatu. Mukufuna uti?"

Apo chimanga chinali chitayamba kuuma. Mayiyo anabwerera pansi pa mango paja. Anayang'ana kumanzere ndi kumanja.

"Lembani kuti Yotamu Kalichero," anatero chapansipansi. "Ndipo ofuna kuthetsa ukwatiwo ndi a malume anga, a Nkhoma. Musawasakanize."

Yotamu anafika anthu akututa chimanga, ataonda, chipewa chili m'manja. Anamunyamula Tiyanjane, namufunsa dzina. Mwanayo atayankha, bamboyo anakhala pansi.

"Kalata yoyamba ija ndinaimva," anauza mkazi wake. "Ndinalira nawo, ndikumvera chisoni mkazi wa mnzanga."

Tsono inu amene mukuphunzira kulemba Chingerezi, ulemu wathu sungani, ndi wabwino. Koma wowerenga sali m'mudzi mwanu, ndipo sangakufunseni kuti mukunena yani. Yambani mwatchula dzina. Anthu akakhala awiri, litchuleninso, musachite nalo manyazi. Mwina munthu amene mukumuitanayo wakhala pomwepo, akumva mawu anu, n'kumaganiza kuti mukuitana wina.