Masamba a Msuku pa Manda a Che Mkwepu

Alhaji Twaha anafika kumanda dzenje la bambo awo, Che Mkwepu, lisanathe kukumbidwa. Ananyamuka ku Limbe uthenga wa maliro utangowapeza, ndipo mkanjo wawo unali ukadali mbee, usanalawe fumbi la kwawo m'mphepete mwa phiri la Chikala. Anali munthu wopemphera, zimenezo palibe akanatsutsa, kungoti ankakonda kuti anthu azidziwa.

Anapeza Shehe Silaji, mphunzitsi wokalamba amene anaphunzitsa Kurani pafupifupi mwamuna aliyense wa m'mudzimo, atakhala pansi pa mtengo wa msuku akusanja masamba. Kumeneko mtembo akaugoneka m'kachipinda ka m'mbali mwa dzenje, amatseka ndi timitengo, kenako n'kuyala masamba kuti dothi lisagwere malemu kumaso.

"Asalaam aleikum, a Shehe."

"Wa aleikum salaam, Alhaji. Pepani ndi zovutazi. Allah awachitire chifundo bambo anu."

"Amina. Ndabwera ndi pempho limodzi. Ndamva kuti mwakonza zoti ine ndi mng'ono wanga Sumani tilowe m'dzenje kukagoneka bambo. Ndikupempha kuti Sumani asalowe."

"Walakwanji?"

"A Shehe, mukufunsa zomwe mudzi wonse ukudziwa. Kachasu. Kumzikiti amapondako akakumbukira. Bambo anali munthu woyera, manja amenewo asawakhudze. Ndiponso pabwera anthu aulemu ochokera kutali, adzatiyesa anthu otani?"

Sumaniyo anali m'dzenje momwemo, akukumba. Khasu lake linaima. Alhaji anaona, koma mawu sanatsitse.

"Lero wamwa?" anafunsa a Shehe.

"Lero ayi. Nanga mawa?"

A Shehe anatola tsamba limodzi pamulu paja n'kuwaonetsa. Linali ndi mawanga akuda, ena ozingidwa ndi mzere wofiirira.

"Ndikuyankhani, Alhaji, koma muyambe mwandithandiza. Mwati chilichonse chokhudza bambo anu chikhale choyera. Masambawa ndi awa mukuwaonawa. Maso anga anatha. Lowani m'tchiremu mundithyolere opanda banga."

Alhaji mtima unakhala pansi. Mumtima anati pamudzi pano patsala munthu mmodzi womva zinthu. Anakwinya mkanjo n'kulowa m'nkhalango.

Msuku woyamba unali ndi mawanga. Wachiwiri chimodzimodzi. Anasiya misuku n'kuyesa mitengo ina, anakwera mpaka kumtunda kumene kuli udzu ndi tizitsamba tokhatokha, koma nakonso masamba anali ngati awazidwa inki. Tsamba lowoneka bwino patali, ukaliyandikira unkapeza kadontho m'mphepete. Thukuta linayamba kuyenderera, chisoso chinamata mkanjo wonse, ndipo dzuwa linkasendera pamutu. Mtembo unayenera kunyamulidwa ikangotha swala, pemphero la masana. Mantha anawagwira kuti bambo awo achedwa kuikidwa chifukwa cha iwo, choncho anabwerera ndi timasamba tosadzaza n'dzanja lomwe.

A Shehe analandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Anatembenuza limodzi, kunsi kwake kunali timadontho. Anakweza lina kudzuwa, ndipo kabanga kamene kanali kasanade kanaonekera mkati.

"Kodi matenda amenewa ndi otani?" anafunsa Alhaji, mawu atachepa.

"A zaulimi amati ndi mtundu wa chuku. Chimabwera ndi mphepo nyengo ya mvula, chimakhazikika pa tsamba lamoyo n'kumalidya pang'onopang'ono. Pena chimaonekera pamwamba, pena chimabisala kunsi. Zambiri ine sindidziwa, ndangokhala ndikuziona m'nkhalango muno chikulire."

Alhaji anapsa mtima, ndipo manyazi anali momwemo.

"A Shehe, mukunena ine?"

"Ndikunena ine ndemwe. Mawanga anga ali kunsi. Ndikanakhala tsamba, inu mukananditembenuza n'kunditaya."

"Komabe tchimo ndi tchimo."

"Zoona. Kachasu ndi haramu, ndipo Sumani ndimamuuza pamaso, sindidzatopa. Koma taonani mtengo tatsamirawu. Sunayoyole masamba ake chifukwa cha mawanga, ndipo masuku amene inu munkatola muli mwana pochokera ku madrasa ankagwa pomwepa. Tsamba lodwala likadali pamtengo limakhala lamoyo. Mukalithothola m'pamene limauma. Mukamutulutsa Sumani m'dzenjemo lero, anthu onsewa akuona, mukuganiza kuti pochoka pano alowera kumzikiti?"

Alhaji anayang'ana kudzenje. Sumani anali atatuluka, ataima patali ndi anzake, dothi lili mpaka m'tsitsi, maso ali pansi. Kumudzi kunamveka mawu oitanira anthu ku swala.

A Shehe anadzuka pang'onopang'ono, atagwira tsinde la msuku, n'kuwabwezera Alhaji timasamba tawo tija.

"Bambo anu adwala dzinja lonse. Amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala ndi Sumani, ndipo manja amenewo iwo sanawakane ali moyo. Tsono sankhani, Alhaji. Ngati mukufuna zoyera zokhazokha, tiyala timasamba tanuti, dothi liwagwere bambo anu m'maso. Ngati ayi, jeneza lonyamulira mtembo likafika muvule nsapato mulowe. Inu mugwire kumiyendo. Kumutu musiyire mng'ono wanu, poti ndi iye akudziwa mmene bambo anu ankafunira kugonekedwa."