Manda Amene Adzukulu Sanakumbe

Panali munthu wina, mlangizi wa zaumoyo, amene anamutuma kukagwira ntchito m'midzi isanu ndi umodzi ya kuseri kwa phiri. Anamupatsa njinga yakapalasa ndi buku lachikuto chakuda. Mwa ntchito zake zambiri, imodzi inali yolemba aliyense womwalira: dzina, zaka, tsiku, ndi matenda amene amutenga. Mwezi ukatha ankatumiza chiwerengerocho ku boma, kuti akuluakulu azidziwa msanga ngati kwinakwake kwabuka matenda.

Munthuyo sanali waulesi, ndisamunamizire. Anali wochenjera, mwina mopitirira pang'ono. Anadzifunsa kuti, "Ndiziyenderanji khomo ndi khomo ngati wogulitsa tomato? Kodi alipo munthu amene amalowa m'manda osadzera m'manja mwa adzukulu?" Choncho kumapeto kwa mwezi ankazungulira midzi yonse, n'kukhala pansi ndi amuna okumba manda aja, iwo akutchula, iye akulemba. Adzukulu anamukonda, mpaka anamupatsa dzina loti Kalembera.

Buku lake linali laukhondo. Munali nkhalamba, munali wina wogwa pangolo, munali ana angapo a malungo. Koma pamzere wa ana akhanda panalibe ndi mmodzi yemwe, chaka chonse ndi theka. Ku boma anamuyamikira pamaso pa anzake, ndipo naye anayamba kupalasa njinga monyang'wa.

Tsono m'midzi imeneyo munali mwambo. Mayi akabereka ankabindikira m'nyumba masiku angapo, kumene amati m'chikuta. Mwana akamwalira asanatuluke m'chikutamo, sankamulira maliro. Ankamutcha mtayo. Dzina sankamupatsa, bokosi sankakhoma, uthenga sankayendetsa. Amayi achikulire okha ankamukulunga m'nsalu n'kukamuika m'mbali mwa manda, amuna osaitanidwa. Mayi wa mwanayo ankalangizidwa kuti asalire ndiponso asamutchule kwa munthu, kuopa kuti sadzaonanso mwana wina. Mwambowu sanaupange anthu ankhanza. Anaupanga anthu amene anaika makanda ambiri, nafuna njira yopepuzira mtima. Koma unabisa ana amenewo kwa adzukulu, ndipo chimene adzukulu sanachione, Kalembera sanachilembe.

M'mudzi umodzi munali mayi wina, Nachisale. Chaka chapitacho anabereka mwana wamwamuna, wonenepa bwino. Anayamwa masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anakana bere. Kukamwa kunauma, thupi linakungika, timanja tinafumbata osatambasuka. Tsiku lachisanu ndi chitatu anapita. Nachisale anamvera malangizo, nameza misozi yake.

Tsopano anali ndi pakati pena, pa miyezi isanu ndi iwiri. Kumjigo anali atamva amayi awiri akunong'onezana za makanda awo, ndipo zimene ankanena zinali zomwezo: kukana bere, kuuma kukamwa, kufumbata. Mantha anamugwira pawiri. Akatchula mwana wake, akuti sadzaonanso wina. Akakhala chete, uyu wam'mimbayu angatsate njira ya mkulu wake.

Tsiku la sikelo ya ana, pansi pa mtengo wa mango, Nachisale anadikira mpaka amayi onse atabalalika. Mlangizi akumanga buku lake panjinga, mayiyo anafika nagwada.

"Bambo alangizi, m'buku lanulo mwana wanga alimo?"

"Uyu ali m'mimbayu? Timalemba akabadwa, mayi."

"Ayi, bambo. Wa chaka chatha."

"Dzina lake ndani?"

"Analibe dzina. Anangokhala masiku asanu ndi atatu."

Mlangizi anamasula buku, natsegula masamba uku ndi uku ngati munthu wofunafuna chinthu chimene akudziwa kuti mulibe. "Adzukulutu sanandiuze," anatero.

"Adzukulu sadziwa, bambo. Zimenezi n'za amayi, ndipo sitiloledwa kunena. Koma ine ndatopa nawo mantha. Mulembeni mwana wanga. Ndipo si ine ndekha."

Apo mayiyo analira misozi ya chaka chathunthu.

Mlangizi anachita manyazi aakulu, chifukwa anazindikira pomwepo kuti ulemu wonse umene ankalandira ku boma unali wa manda amene sanawawerenge. Akanatha kunena kuti za chaka chatha zinapita, buku linatsekedwa. Ena akanatero, ndipo ndikuwadziwa. Iye anakhala pansi pafumbi, natulutsa cholembera, nalemba: mwana wa Nachisale, wamwamuna, masiku asanu ndi atatu. Kenaka anafunsa bwinobwino mmene matendawo anayambira, tsiku ndi tsiku, ndiponso amene anadula mchombo ndi chimene anapakapo.

Podziwa kuti amayi sangamasukire mwamuna, anakapempha namwino wina wachikulire wa kuchipatala kuti ayende naye. Anayenda khomo ndi khomo, ntchito ija anaikana poyamba. Namwino ankalowa m'nyumba, iye n'kutsala panja ndi njinga. Amayi atamva kuti Nachisale walankhula ndipo akuyendabe ndi mimba yake, nawonso anatsegula pakamwa. Pakutha kwa milungu iwiri, mzere wopanda kanthu uja unali ndi ana asanu ndi anayi.

Asanu ndi awiri mwa iwo anamwalira mofanana. Onsewo anabadwira kunyumba, m'manja mwa azamba amodzi, mayi wachifundo amene sanakanepo kudzuka munthu akamuitana. Lumo lodulira mchombo linali limodzi, ndipo ankalisomeka kudenga la udzu. Pamchombo ankapakapo phulusa losakaniza ndi ndowe kuti paume msanga, monga anaphunzirira kwa amene anamusiyira ntchitoyo. Mayi aliyense ankadziwa za mwana wake yekha, n'kumati ndi tsoka lake. Pamene ana onse anaikidwa patsamba limodzi m'pamene matendawo anaonekera nkhope. Namwino anati ndi kafumbata, matenda olowera pachilonda, amene katemera wake analipo kale kuchipatala.

Mlangizi anatumiza chiwerengero chatsopano ku boma. Akuluakulu anamuitana, namukalipira pamaso pa anzake omwe aja. Koma galimoto inabwera ndi katemera wa amayi oyembekezera. Azamba aja atauzidwa anagwira mutu. Kuyambira pamenepo anasiya kubereketsa, nasanduka woperekeza amayi kuchipatala, ndipo panalibe wowaposa pokakamiza aulesi kukabayitsa.

Nachisale anabayitsa kawiri, nakachirira kuchipatala. Anabereka mwana wamkazi. Ankawerenga masiku mtima uli m'mwamba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mwana anayamwa. Lachisanu ndi chiwiri anayamwa. Lachisanu ndi chitatu analira mpaka anansi kudandaula, natambasula timanja, nayamwanso. Atatuluka m'chikuta anamupatsa dzina loti Tiyamike.

Inu amene mukulandira mabuku ndi njinga lero, nkhaniyi ndaikambira inu. Ine ndakalambira m'ntchito imeneyi, ndipo ndikamaganiza za anthu oyenera kuwathokoza, sindiyambira kwa ife ovala yunifolomu. Ndimayambira kwa mayi wonga Nachisale, amene ananena chinthu choletsedwa ali ndi zonse zoti ataye. Ndimathokozanso mlangizi amene analola kuti mbiri yake ide, bola chiwerengero chikhale choona.

Mukaona mzere wopanda kanthu m'buku lanu, musathamangire kukondwa. Dzifunseni kuti mwafunsa yani, ndipo ndani amene simunamufunse. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu akadzakuimitsani panjira ndi mawu oti akuipitsireni lipoti, musamuyang'ane ndi diso lofiira. Tsikani panjinga, mukhale pansi, mulembe, ndipo mumuthokoze. Akufa simungawadzutse, koma kuseri kwa mawu akewo kuli mwana wina amene sanabadwe.