Kamita ka Telala wa ku Dedza

Panali munthu wina ku Dedza, telala wa zaka zoposa makumi asanu, amene ankakonda njinga yake kuposa makina ake osokera. Chisanu cha kumeneko mukuchidziwa. Juni akafika madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo njinga zambiri zimatsekeredwa m'nyumba kudikira Ogasiti.

Chaka china gulu la opalasa njinga limene iye analimo linatopa nawo ulesi umenewu. Linagwirizana kuti Juni ndi Julayi yense pakhale mpikisano. Aliyense amange pa handulo kamita kowerenga makilomita, ndipo Loweruka lililonse manambala azilembedwa ndi choko pa bolodi, pa shedi ya a Kamzimbi okonza njinga. Wokwanitsa makilomita chikwi chimodzi adzapite nawo pa ulendo waukulu wa gulu wa ku Mulanje. Wolephera adzatsale, azidzangomva nkhani.

Telalayo phiri la Mulanje ankangolimva kwa anthu, ndipo ulendowo anaufuna ndi mtima wonse. Kamita kake anakagula pa kaunjika. Kanali kakale, koma manambala ankaoneka bwinobwino.

Ankadzuka m'mawa nkhungu ili mbuu, n'kuvala masokosi m'manja, n'kulowetsa nyuzipepala mkati mwa juzi kutchinga mphepo pachifuwa. Ankapalasa yekha asanatsegule shopu. Koma Loweruka loyamba dzina lake linali pansi penipeni pa bolodi. Lachiwiri chimodzimodzi.

Anzake a m'gululo sanamuchitire chisoni. “Madala, kodi njingayi mumaipalasa kapena mumaikankha?” anatero mmodzi, ena n'kufa nazo nseko.

Iye anangolimbikira. Anawonjezera mtunda. Anayamba kudzera njira ya chitunda imene ena ankaizemba. Miyendo inkawawa, milomo inang'aluka ndi mphepo, koma manambala ankangokwawa. Itatsala sabata imodzi kuti Julayi athe, kamita kanali pa 650. Anawerengera zotsala, naona kuti sizingatheke. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anadziweruza yekha kuti wakalamba basi. Anatumiza uthenga kwa munthu wina wa ku tauni yoyandikana nayo kuti akubwera kudzamugulitsa njingayo.

Tsiku limenelo anapalasa mosafulumira. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri maso ake sanali pa handulo, anali pa msewu. Ndiye anaona chikwangwani chimene ankachidutsa masiku onse osachiwerenga, cholembedwa kuti tauniyo ili pa makilomita 14. Anasuzumira pa kamita, nasunga nambala m'mutu. Atafika m'tauni anasuzumiranso. Kamita kanangowonjezera khumi.

Apa ine ndi inu mwina tikanati zazing'ono izi, n'kulandira wogula. Koma uyu anali telala. Telala weniweni, jekete ikamuthina kasitomala, sayamba n'kunena kuti kasitomala wanenepa. Amayamba wakayikira tepi yake yoyezera. Anaima pambali pa msewu, chidwi chitamugwira. Wonama ndani, chikwangwani kapena kamita? Wogula anali atamuona kale ndipo ankamukodola. Telala anangokweza dzanja mopepesa, natembenuza njinga, ulendo wobwerera.

Anafikira pa shedi paja. “Achimwene, tandiuzani,” anatero kwa a Kamzimbi, “kanthu aka kamadziwa bwanji kutalika kwa msewu?”

“Msewu sikaudziwa aka, aTelala. Kamangowerenga kuti gudumu lazungulira kangati. Kukula kwa gudumulo kamachita kuuzidwa ndi mwini wake.”

“Nanga kangaka kanauzidwa gudumu lotani?”

A Kamzimbi anadinadina timabatani, ndipo panatuluka nambala. Telala anatulutsa tepi imene sinkachoka m'thumba mwake, nazunguliza tayala la njinga yake. Nambala ya pa tepi inali yaikulu kuposa ya pa kamita. Anayang'anayang'ana m'shedimo, naona kanjinga ka mwana kodikira kumatidwa chubu. Anagwada, nayeza katayala kake. Manambala anafanana ndendende.

Kamita kaja kanachokera pa njinga ya mwana, ndipo palibe anakauza kuti kasamuka. Pafupifupi miyezi iwiri yathunthu bambo wamkulu ankapalasa gudumu lalikulu m'chisanu, kamita n'kumamulembera za gudumu la mwana. Pa makilomita khumi ndi anayi alionse, anayi ankangosowa.

A Kamzimbi anawerengera pansi ndi choko, kawiri konse, pamaso pa aliyense amene analipo. Kenako anafufuta 650 uja ndi chikhatho, nalemba 910. Dzina limene linazolowera pansi pa bolodi linakhala lachiwiri kuchokera pamwamba. Makilomita otsalawo telala anawamaliza m'masiku atatu. Pa ulendo wa ku Mulanje, uja wofunsa za kukankha njinga ankangoona msana wa telala pa chitunda chilichonse.

Tsono inu amene mukundimvera, aliyense pano ali ndi kamita kake. Kwa wina ndi malikisi a mayeso amodzi. Kwa wina ndi mawu amene munthu anamulankhulira ali wamng'ono, akuti iwe sudzatha kanthu, ndipo mpaka lero akudziyezabe ndi mawu omwewo. Sindikuti mutaye manambala ayi. Telala uja anapulumuka chifukwa choyeza, osati chifukwa chosiya kuyeza. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti anatsala pang'ono kugulitsa njinga tsiku limene miyendo yake inali yamphamvu kuposa kale lonse. Ndiye musanagulitse yanu, imani kaye pambali pa msewu, mutulutse tepi, mufunse kuti kamita kanuko kanauzidwa gudumu la ndani.