Banga la pa Khadi la a Chikhosi

Si kale kwenikweni, ku Balaka kunali Zikani, wokonza zithunzi ndi makhadi akale pakhonde la sitolo ya a Chikhosi. Tsiku lina a Chikhosi anamuponyera khadi la timu ya mpira. Nkhope ya a Chikhosi inkaoneka pakhadipo, koma banga lakuda linawaphimba kuyambira m'khosi mpaka kumapazi.

"Uyu ndine, womwetsa zigoli. Loweruka kubwera alendo. Uchotse bangali aone jezi yanga, apo ayi usamuke pakhonde panga."

Zikani anakweza khadilo padzuwa, naona zomwe bangalo linabisa. A Chikhosi anali atanena bodza lawo zaka zambiri mpaka kulikhulupirira okha. Akachotsa bangalo asamuka, akalisiya asamukanso, pomwe kunyumba kuli khanda. Kulimba mtima analibe, koma thonje lopukutira makhadi anali nalo.

Loweruka Zikani anafika ndi khadi losakonza, napeza alendo atafika kale.

"Bwana, ntchito yotere imakoma alendo akuonerera."

Anayambira kumapazi, kupukuta pang'onopang'ono. Panatuluka patapata.

"Kodi kale mpira munkamenyera zimenezi?" anafunsa mlendo wina.

Zikani anapukutanso. Pambali pa bondo panayamba kuoneka ndowa yotungira madzi a osewera.

A Chikhosi anamugwira mkono msangamsanga. "Basi, basi! Iwe sudziwa kuti chinthu chakale ukachitsuka chimatha mtengo?"

"Pepani bwana, ine sukulu yanga ndi yamadzulo, zimenezo sitinafikepo. Ndiye ndilisiye?"

"Ulisiye! Ndipo pakhonde paja usachokepo. Ndikufuna pakamwa pakopo ndizipaona tsiku ndi tsiku."