Mlatho wa Lipongo ndi Rakaa Yachisanu

Khansala Yasini Mbwana anafika pa mzikiti wa pa Chikwenga Lachinayi masana, swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itatsala pang'ono. Njinga yawo yamoto anaiimika kuseri kwa madrasa, sukulu ya Chisilamu, osati pakhomo pomwe ankaiimika kale kuti aliyense aione. Mumsika sanadzeremo. Anazungulira kanjira ka kuchigayo, munthu yemwe chaka cha zisankho ankayenda pakati pa mabenchi a tomato akugwira chanza ndi makanda omwe. Abale inu, udindo umasintha ndi njira zoyendamo!

Shehe Mustafa Chilungo anali pakhonde, atakhala pamkeka, akusoka chikuto chososoka cha Msahafu, buku la Korani. Anali nkhalamba yowonda, yolankhula motsitsa mawu. Theka la amuna a pamalopo linaphunzira alifu ndi bee, zilembo za Chiarabu, pamiyendo pawo, ndipo mmodzi wa iwo anali Yasini yemweyu.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salaam, a Khansala. Khalani pamkekapa. Mipando ya kukhonsolo kuno tilibe."

A Khansala anakhala, koma kukhala kwake kunali kwa munthu wokhalira nyerere. Foni inkalira m'thumba, iwo n'kuidula. Maso ankathamangira kumsewu, kenako kumapazi, kenako kumsewu komweko.

Chowasowetsa mtendere chinali mlatho wa pa mtsinje wa Lipongo. Chipatala chili tsidya lina la mtsinjewo, manda nawonso ali komweko. Khonsolo inamangapo mlatho wamatabwa, ndipo amene anadula riboni anali a Khansala omwewa. Anavina tsiku limenelo, n'kulengeza pachimkuzamawu kuti pamlathopo adzawolokera ndi zidzukulu za zidzukulu. Mvula yoyamba yamphamvu inaunyamula wonse, n'kusiya zipilala ziwiri zitayang'anizana. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Kuchokera apo mayi wina anachirira pamchenga, ntchembere zitamutchinga ndi zitenje. Jeneza lonyamula mtembo wa bambo ake a Che Ajibu, wogulitsa nyama yambuzi pamsika, linawoloka amuna madzi ali m'chifuwa, atalikweza pamwamba pa mitu kuti sanda yokulunga mtembo isanyowe.

Ndiye anthu anapangana. Mawa lake, akatuluka swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, onse, Asilamu ndi Akhristu, adzapita kukakhala pansi pagombe la Lipongo kudikira khansala wawo. Akabwera, alankhulana. Akapanda kubwera, Lolemba apita okha ku boma kukauza khonsolo kuti wadi yawo ilibe khansala, ndipo dzina la Mbwana asadzalimvenso.

"A Shehe," anayamba a Khansala, "ndabwera kwa inu monga mwana kwa bambo ake. Ine ndalakwa chiyani? Ndikapita kukhonsolo amandiuza kuti zili m'dongosolo. Ndikapita kwa aphungu amati mlatho ndi wa khonsolo. Ndikabwerera kukhonsolo amati tidikire akulikulu. Nanga ndigumule denga la nyumba yanga ndikayale pamtsinje?"

"Ayi, denga lisiyeni," anatero a Shehe, akukoka ulusi.

"Dzulo ndikudutsa pamsika amayi anandiombera m'manja. Osati m'manja mwaulemu ayi. Phwa, phwa, phwa, ngati akupirikitsa nkhuku padengu la mphale. Ine! Ndipo amene akuwasonkhezera ndi Ajibu. Munthu wosenda mbuzi akufuna kundiphunzitsa ine kayendetsedwe ka boma."

"Che Ajibu anawolotsa bambo awo pamutu."

"Ndinapepesa maliro amenewo. Ndinatuma munthu."

A Shehe analuma ulusi n'kuyamba mzere wina.

"Chimene ndikupempha n'chochepa," anapitiriza a Khansala, akusendera pafupi. "Mawa polalikira khutuba mulankhule za kupirira ndi kumvera atsogoleri. Inu amakumverani. Mukangoti msonkhano wa kumtsinjewo si wa anthu oopa Allah, palibe amene apiteko. Akhristu akaona kuti anzawo sanabwere, abalalika okha."

"Nanga inuyo mawa mudzakhala kuti?"

"Kuli maphunziro a makhansala kutauni. Ndinyamuka m'mawa."

"Kumtsinje simupita."

"Ndikakhale pansi padothi kuti Ajibu azindiloza chala pamaso pa akazi ndi ana? Ndithu ayi. Mtsogoleri amatsogola, anthu amatsatira. Si mmene munatiphunzitsira pakhonde pomwe pano? Imamu akawerama, onse awerama. Imamu akadzuka, onse adzuka. Palibe amene amamufunsa mafunso."

"Ndinaphunzitsadi zimenezo," anavomera a Shehe.

Pamenepo azana inamveka, kuitana anthu kuswala. A Shehe anakulunga Msahafu m'nsalu, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira khoma.

"Tiyeni tikaswali kaye, a Khansala. Yankho ndilibe pakadali pano. Allah akalola lipezeka."

A Khansala akanakonda kudikira panja, koma munthu wadzapempha khutuba angakane bwanji swala? Anatawaza mwachangu, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, madzi akudonthera pamalaya, n'kulowa. Mumzikiti munali anthu a pamsika, ena fumbi la chigayo lili m'tsitsi. Kuseri kwa chipupa chachifupi kunali amayi angapo. Mwachizolowezi chawo a Khansala analunjika pamzere woyamba, ndipo poongola mzere, phewa lomwe linakhudzana ndi lawo linali la Che Ajibu. Ha! Mumzikiti mulibe kusankha woyandikana naye. Fungo lambuzi linali m'mphuno mwawo, chala cha phazi la Ajibu chitagunda chawo.

Swala ya Asiri ili ndi rakaa zinayi, ndiye kuti magawo anayi a kuimirira, kuwerama ndi kugwetsa mphumi pansi. Ikatha yachinayi anthu amakhala pansi, n'kuwerenga duwa, pemphero lomaliza, n'kupereka salamu yotsekera swala. Mwana wa madrasa aliyense amadziwa zimenezi. Koma a Khansala thupi lokha ndilo linali pamzere. Mtima unali kumtsinje, unali kukhonsolo, unali pa basi ya m'mawa. Ankawerama poti a Shehe, imamu wawo, awerama, ankadzuka poti imamu wadzuka.

Atadzutsa mphumi pa sijida yomaliza ya rakaa yachinayi, a Shehe anati, "Allahu Akbar," ndipo m'malo mokhala pansi anaimirira.

A Khansala nawo nyamu, chilili.

"Subhanallah," anatero mawu pambali pawo, cha m'munsi. Anali Che Ajibu, ali chikhalire.

"Subhanallah. Subhanallah," mawu ena anatsatira mumzere wonse. Kuseri kwa chipupa amayi anaomba m'manja, phwa, phwa, pakuti umo ndimo amayi amakumbutsira imamu akaiwala.

A Shehe sanazengereze ngakhale pang'ono. Anabwerera pansi nthawi yomweyo. Otsala m'mwamba anali a Khansala okha, mzikiti wonse uli pansi, iwo ataima njo ngati phesi lotsala m'munda wokolola. Anadzitsitsa msanga, bondo n'kugunda simenti, thukuta lili chuchuchu m'khosi. Manyazi ake, abale, akanakhala nsalu akanafunda.

A Shehe anamaliza duwa, n'kugwetsa mphumi pansi kawiri, sijida za munthu amene waiwala, anthu onse n'kugwetsa nawo. Kenako anapereka salamu kumanja ndi kumanzere. Atatembenuka anayang'ana anthuwo n'kunena, "Allah akulipireni zabwino. Mwandibweza."

Basi. Panalibe woseka, panalibe wong'ung'udza. Anthu anatuluka, aliyense akufunafuna nsapato zake pakhomo. Che Ajibu anagwira chanza a Shehe ndi manja awiri, n'kutuluka osayang'ana kumbali.

Atabwerera pamkeka wa pakhonde uja, a Khansala mtima unali ukadawira. Munthu akachita manyazi amafuna pothira mkwiyo.

"Mwaona, a Shehe? Ndi zomwe ndimanena zija. Anthu awa ulemu unawathera. Inu bambo wathu tonse, amene munawaphunzitsa ngakhale kutawaza, ndiye akukwezereni mawu pagulu? Ajibu ndiye woyamba, monga mwa masiku onse. Akanatha kudikira swala ithe, n'kudzakuuzani pambali mwaulemu. Ine ndinaimirira nanu kuti musaime nokha."

"Zikomo, a Khansala," anatero a Shehe. "Kuiwala kuja n'kwanga. Mtima wanga unachoka pa swala n'kupita pa nkhani yanu, Allah andikhululukire. Koma ndikuuzeni zoona, poti mwati ndinu mwana wanga. Mwa anthu onse amene anali kumbuyo kwanga lero, amene sanandithandize ndinu nokha."

Kenako a Shehe anawonjezera:

"Akanadikira swala ithe, akanandiuza chiyani? Kuti ndawononga swala ya anthu onse, iwo akuona? Che Ajibu sanandinyoze. Sanatchule dzina langa, sanati nkhalambayi yatha nzeru. Anatchula dzina la Allah, Amene yekha saiwala, kuti ine ndikumbukire kuti ndine munthu. Amayi aja m'manja mwawo simunali chipongwe. Swala ija inali yawonso."

Foni inaliranso m'thumba. Ulendo uno a Khansala sanaikhudze, inalira mpaka inatopa yokha.

"Ndinakuphunzitsani kuti imamu akawerama onse awerama," anapitiriza a Shehe. "Tsamba lotsatira lija kaya munajomba tsiku limenelo, kaya ine ndinaphunzitsa mosamveka. Ndifunseko, kukhonsolo kuja akamati zili m'dongosolo, pomwe inu mukudziwa kuti jeneza likuwoloka pamitu ya anthu, mumati Subhanallah, kapena mumaimirira nawo kuti asaime okha?"

A Khansala anayang'ana pansi. Anatola kachingwe ka mkeka n'kumakapota ndi zala. Anakumbukira misonkhano ija, botolo la madzi patsogolo, iwo akugwedeza mutu limodzi ndi anzawo kuti asaoneke ovuta. Atalankhulanso, mawu aja a pachimkuzamawu anali atawathawa.

"Koma a Shehe, ngakhale nditapita kumtsinjeko, ndikawauze chiyani? Mlatho ndilibe. Tsiku loti udzamangidwe sindikulidziwa. Ndikafike chimanjamanja?"

"Ine ndinawapatsa chiyani anthu aja? Ndinakhala pansi pomwe iwo anakhala, n'kugwetsa mphumi kawiri. Munaona wina atakana kugwetsa nane?"

"Ayi."

"Kuiwala kunali kwanga ndekha, koma sijida tinagwetsa tonse, ndipo swala tinamaliza limodzi."

Kumsika kunkamveka phokoso la anthu akutsatsa malonda omaliza, ndipo pakati pa mawuwo a Khansala ankaganiza kuti akumva dzina lawo. Mantha anali nawo, osabisa, ndipo kudzikuza kunali kusanawachokere konse. Anadzutsa mutu n'kufunsa funso lomaliza, ngati munthu amene akufufuza ngati khomo lakuseri lili lotsekula.

"Nanga imamu akamva Subhanallah koma osakhala pansi? Akati iye ndiye akudziwa, n'kupitiriza?"

A Shehe anamasula Msahafu uja m'nsalu, n'kutenganso singano. Anayesa kulowetsa ulusi, maso n'kuwakanika, ndipo anapereka singanoyo kwa a Khansala. Iwo analowetsa, n'kubweza.

"Samutsatira," anatero a Shehe. "Rakaa yachisanu palibe wololedwa kuitsatira akudziwa, ngakhale imamuyo akhale wophunzira chotani. Anthu amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba, amakhala pansi chete kumudikira, kuti akabwerera apereke salamu limodzi. Yachiwiri, amapereka salamu okha, n'kutuluka, n'kuvala nsapato zawo. Iye amatsala kutsogolo akuwerama, akudzuka, akukweza mawu, akuyesa kuti akutsogolera anthu, pomwe kumbuyo kwake kwatsala mikeka yokha."

Anabaya singano pachikuto, n'kukweza maso.

"Anthu anu asankha njira yoyamba. Mawa akakhala pansi pa Lipongo kukudikirani. Khutuba ya kupirira sindingailalikire kwa anthu amene akupirira kale, ndipo sindingaletse munthu kunena Subhanallah. Maphunziro akutauni asiyeni, a Khansala. Pitani mukakhale pansi, anthu asanavale nsapato."